Timakhadi ta Mafunso: Mau kwa Ang'ono Athu a Fomu 3 ndi Fomu 4

Mau awa adalankhulidwa ndi mmodzi wa mamembala a bungwe lathu, amene adalemba mayeso a fomu 4 pa sukulu pano m'chaka cha 1998 ndipo akugwira ntchito m'boma, pa tsiku limene ife ophunzira akale tidakacheza ndi ana a sukulu. Tawasindikiza monga momwe mwini wake adatipatsira.

 Ndithokoze a komiti pondipatsa danga loti ndilankhulepo. Adandiuza kuti ndisapitirire mphindi 20, ndipo popeza ife a m'boma timatchuka ndi misonkhano yosatha, ndiyesetsa kuti lero mbiri imeneyi isanditsatire.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi yaing'ono, yoti ingakwane m'thumba la malaya. Ndi nkhani ya timakhadi ta mafunso, timene pa Chingerezi amati flashcards, kutanthauza kapepala kamene kutsogolo kwake mwalembako funso limodzi ndipo kumbuyo kwake mwalembako yankho. Chimene chandichititsa kusankha nkhaniyi n'chakuti pakati pa ife ophunzira akale pali kukambirana kumene sikunathe. Ndalama zimene takhala tikusonkha sizambiri, ndipo ena mwa ife akuti tigulire sukulu matabuleti angapo kuti ana aziwerengerapo mayeso monga achitira anzawo ena a m'tauni, pamene ena akuti tiyambe tagula mapepala. Ine ndili ndi mbali yanga pa nkhaniyi ndipo sindiibisa, koma ndisanafike kumeneko ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake kapepala kooneka konyozeka koteroka kali ndi ntchito.

M'masiku athu, kuwerengera mayeso kudali kutsegula kope la notsi n'kumaliyang'ana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ukamaliza n'kuyambiranso. Ena ankajambula mizere yofiira pansi pa mau ofunika mpaka tsamba lonse kufiira psu. Ena ankaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawagwire, ndipo pa holide kumudzi tinkachezera ndi koloboyi mpaka m'mphuno kuda bii ndi mwaye. Ndikayang'ana ana anga ndi ana a abale anga ndikuona kuti, kupatula koloboyi amene walowedwa m'malo ndi tochi, kawerengedwe n'komwe kaja. Khama lilipo, palibe angatsutse. Vuto n'lakuti kawerengedwe kotere kamanamiza mwini wake. Ukawerenga tsamba kachinayi, mau onse amaoneka achizolowezi, mtima n'kumati izi ndazidziwa. Koma kuzindikira chinthu chikakhala pamaso ndi kwina, ndipo kuchitulutsa m'mutu pamene palibe chokukumbutsa ndi kwinanso. Nonse zidakuchitikiranipo: mwakumana ndi munthu pa depoti ku Limbe, nkhope mukuidziwa bwino lomwe, mwapatsana moni mwansangala, koma dzina lake osabwera, mpaka minibasi kufika pa Njuli mukulifunafunabe. M'chipinda cha mayeso a MANEB sakufunsani ngati nkhope mukuidziwa. Amafuna dzina.

Za kuiwala zidafufuzidwa kalekale. M'chaka cha 1885 katswiri wina wa ku Germany, dzina lake Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zimene adapeza atadziyesa yekha. Iye ankaloweza timau topanda tanthauzo, kenaka n'kumadziyesa patapita mphindi, maola, masiku, mpaka mwezi wathunthu. Adapeza kuti kuiwala sikuyenda pa liwiro limodzi ayi: zambiri zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, ndipo zotsalazo zimachoka pang'onopang'ono. Adapezanso kuti kubwereza ka 38 kogawidwa pa masiku atatu kudamupindulira chimodzimodzi ndi kubwereza ka 68 kwa tsiku limodzi. Kwa ife a kumudzi izi sizachilendo. Njira ya kudimba ukadutsamo ka 50 tsiku limodzi n'kuisiya miyezi iwiri ya dzinja, pobwerako upeza udzu wokhawokha, koma ukamadutsamo kamodzi pa masiku atatu alionse njirayo simera.

Pali kafukufuku wina amene ndifuna kuti inu a fomu 4 mumumvetsetse. Adasindikizidwa m'chaka cha 2008 m'magazini yotchedwa Science ndi akatswiri awiri a ku America, Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger. Iwo adatenga ophunzira a pa yunivesite n'kuwapatsa mau 40 a Chiswahili, chilankhulo cha anansi athu a ku Tanzania, kuti aphunzire matanthauzo ake m'Chingerezi. Onse adaphunzira mpaka liu lililonse adalikhozapo kamodzi. Kusiyana kudali apa: ena ankapitiriza kufunsidwa mau onse mobwerezabwereza, ngakhale amene adawakhoza kale, pamene enawo akangolikhoza liu kamodzi sankafunsidwanso, ngakhale kuti ena mwa iwo ankapitiriza kuliwerenga. Patapita sabata imodzi, amene ankafunsidwa aja adakumbukira mau pafupifupi 80 pa 100 alionse, pamene anzawo aja adakumbukira cha m'ma 35 basi. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti atafunsidwiratu kuti akuganiza kuti adzakumbukira mau angati, magulu onse adanena zofanana, pafupifupi theka. Palibe gulu limene linkadziwa kuti njira yake ndi yabwino kapena yoipa. Ndiye kuti mtima wanu ukamakuuzani usiku kuti mwawerenga mokwanira, umboni wake ndi wosadalirika.

Ntchito ya kakhadi ili pamenepo. Kamakukakamizani kutulutsa yankho m'mutu musanalione. Lamulo lake ndi limodzi ndipo silivuta kulimva, koma kulisunga ndiye nkhani: musatembenuze kakhadi musanayankhe. Werengani funso, nenani yankho motulutsa mau kapena lilembeni pa pepala lina, ndipo pokhapo tembenuzani. Yankho likamakana kubwera, dikirani pang'ono, vutikani nalo. Kuvutika kumeneko si chizindikiro chakuti njirayi ikulephera, ndi kumene kukulambula njira ija ya kudimba. Munthu amene amawerenga funso n'kutembenuza nthawi yomweyo, n'kumagwedeza mutu kuti eya n'zomwezo, wangobwerera ku kawerengedwe kathu kakale, wangowonjezerapo ntchito yodula mapepala.

Tsono kakhadi kabwino kamalembedwa bwanji? Nditenge chitsanzo cha pakhomo pathu pano, pakuti ife a ku Chiradzulu tili ndi mwayi wakuti mutu wina wa phunziro la mbiri udachitikira m'minda imene timadutsamo. Ndikunena za M'busa John Chilembwe. Mwana wina adzalemba kutsogolo kwa kakhadi dzina la Chilembwe, kumbuyo n'kukoperako ndime yonse ya m'notsi ndi timalemba ting'onoting'ono ngati mdzodzo. Limenelo si khadi, ndi kope lomwe lija lodulidwa. Mukalitembenuza simungadziwe ngati mwakhoza kapena mwalakwa, chifukwa mwa zinthu khumi zolembedwazo mwakumbukira zinayi, ndipo mtima wanu, popeza umakukondani, udzati mwakhoza.

Ndime imeneyo iphwanyeni. Kakhadi koyamba kafunse kuti Chilembwe adakhazikitsa mishoni yake kuti, yankho n'kukhala ku Mbombwe, m'boma lino. Kachiwiri kafunse dzina la mishoniyo, Providence Industrial Mission. Kachitatu kafunse chaka, 1900. Kena kafunse mmishonale amene adapita naye ku America m'chaka cha 1897, Joseph Booth. Kena kafunse tsiku limene kuukira kudayamba, 23 Januwale 1915, ndipo kena kafunse dzina la mzungu woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero amene adaphedwa usiku umenewo, William Jervis Livingstone. Pa timakhadi totere palibe kudzinyengerera: mwakhoza kapena mwalakwa. Koma musalekere pa maina ndi zaka, chifukwa malikisi ambiri a mbiri ali pa mafunso akuti chifukwa chiyani. Lembani kakhadi kofunsa kuti thangata lidali chiyani, kumbuyo n'kuyankha m'chiganizo chimodzi kuti kudali kugwira ntchito pa munda wa mzungu m'malo mwa lendi ya malo amene munthu ankakhalapo. Lembani kena kofunsa madandaulo atatu a Chilembwe ndi anthu ake, kumbuyo n'kuikako thangata ndi nkhanza za m'minda ya azungu, kulandidwa kwa malo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukamenya nkhondo imene idayamba mu 1914. Mukakhala ndi timakhadi 20 totere m'mutu, funso lalitali la mayeso limakhala ngati kumanga nyumba njerwa zili kale pamalo. Kumbukiraninso kuti mayeso a mbiri amabwera m'Chingerezi, choncho kakhadi kalembedwe m'Chingerezi, koma mudziyese ngati mungathe kulongosola yankholo m'Chichewa kwa agogo anu. Mukalephera, ndiye kuti mwaloweza mau koma nkhani simunaimve.

Maphunziro ena nawo ndi chimodzimodzi. Pa zaulimi, tengani thumba la feteleza lolembedwa 23:21:0+4S limene ife tidakula tikuliona m'nyumba za makolo athu, mufunse pa kakhadi kuti nambala iliyonse ikuimira chakudya chanji cha mbeu, ndipo pa kena mufunse kuti chimanga chosowa nitrogen chimaoneka bwanji. Pa Biology jambulani mtima kutsogolo, muvi n'kuloza chipinda chimodzi, dzina lake n'kukhala kumbuyo. Pa Chingerezi liu latsopano lilembeni m'chiganizo, osati palokha. Pa Chichewa mwambi kapena chining'a chikhale kutsogolo, tanthauzo kumbuyo. Ndipo timakhadi tanu muzilemba nokha. Pamene mukuganiza kuti m'ndime iyi funso ndi liti, ndi pamene mwayamba kale kuphunzira. Kukopera timakhadi ta mnzanu kuli ngati kubwereka khasu limene mpini wake adasemera munthu wina.

Funso lotsatira n'lakuti timakhadi tikachuluka, tifike 300 kapena 500, mudzatiwerenga bwanji tonse tsiku lililonse? Simudzatero, ndipo sikofunika. M'chaka cha 1972 mtolankhani wina wa ku Germany, Sebastian Leitner, adalemba buku la kaphunziridwe m'mene adafotokoza za bokosi la zipinda zisanu losungiramo timakhadi. Ife maenvulopu atatu atikwanira, kapena timapaketi titatu ta sopo, kapena mitolo itatu yomanga ndi mphira. Kakhadi katsopano kalikonse kamayambira mu envulopu yoyamba, imene mumaitsegula tsiku lililonse. Kamene mwakakhoza kamapita mu envulopu yachiwiri, imene mumaitsegula kawiri pa sabata, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu. Kamene mwakakhozanso kumeneko kamapita mu envulopu yachitatu, ya Loweruka lokha. Koma kamene mwakalakwa, kaya kadafika kale mu envulopu yachitatu, kamabwerera ku yoyamba popanda kudandaula kapena kuchita apilo. Mwa njira imeneyi nthawi yanu yambiri imathera pa zimene zikukuvutani, pamene zimene mukuzidziwa mumangozizonda mwa apo ndi apo kuti zisathawe. Munthu akasiyidwa yekha amachita zosiyana ndi zimenezi: amakonda kubwereza mutu umene amaudziwa kale chifukwa umamusangalatsa, mutu womuvuta n'kumausungira mawa. Timakhadi ta mu envulopu yachitatu musatitaye mayeso asanathe, ndipo musanayambe muzitisakaniza monga achitira osewera juga, kuti mutu usazolowere kuti pambuyo pa funso ili pamabwera yankho lakuti.

Aphunzitsi amene muli pano mukudziwa kuti zimenezi si zobwera ndi ndege. Mayi amene adatiphunzitsa mu sitandade 1 ankadula makatoni n'kulembapo a, e, i, o, u, n'kumatiimikira pamaso limodzilimodzi pansi pa mtengo. Akadaulo a ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, akhala akulimbikitsa zimene amati TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Chachilendo n'chakuti tikafika ku sekondale timaona ngati takula, makatoni n'kuwasiyira ana.

Ndisakunamizeni kuti timakhadi tichita zonse. Masamu saphunziridwa poloweza. Mukhoza kuika fomula pa kakhadi, ndipo n'kwabwino kutero, koma samu imafuna pensulo ndi pepala, tsiku ndi tsiku. Chimangirizo chimafuna kulemba zimangirizo, mphunzitsi n'kuchonga. Mabuku a Literature amafuna kuwerengedwa onse. Ndipo chinthu chimene simunachimve m'kalasi musachiike pa kakhadi, pitani kaye mukafunse. Mapepala a mayeso a m'mbuyomu akhalebe pa tebulo lanu, ndipo funso lililonse limene lakugwetsani pamenepo libale kakhadi katsopano.

Tsopano ndifike ku za foni ndi kompyuta. Njira ya maenvulopu ija idalowa m'makina kalekale. Mnyamata wina wa ku Poland, Piotr Woźniak, adayamba kulemba pa mapepala m'chaka cha 1985 kuti aone nthawi yabwino yobwerezera mau a Chingerezi amene ankaphunzira, ndipo mu 1987 adapanga pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa SuperMemo. Mu 2006 Damien Elmes adatulutsa ina yotchedwa Anki, dzina lochokera ku liu la Chijapani lotanthauza kuloweza, imene idatengera kawerengetsedwe ka masiku ka SuperMemo. Palinso Quizlet, imene mnyamata wa zaka 15 wa ku America, Andrew Sutherland, adaiyamba mu 2005 pokonzekera mayeso ake a Chifalansa. Taonani kuti awiri mwa anthu amenewa adali ophunzira, monga inu nomwe.

Ine Anki ndimaigwiritsa ntchito ndipo sindingainyoze. Pamene ndinkakonzekera kukaonekera pamaso pa gulu lofunsa mafunso a kukwezedwa pa ntchito, malamulo a ntchito za boma, aja timati MPSR, ndidawaphwanya m'timakhadi ta pa foni, n'kumayankha m'mawa uliwonse ndili m'minibasi. Kagwiridwe kake nkotere: foni imakuonetsa funso, iwe n'kuyankha mumtima, n'kudina kuti ikuonetse yankho, kenaka n'kuiuza ngati walakwa, wakhoza movutikira, kapena wakhoza mosavuta. Ikatero imawerengetsa yokha tsiku limene kakhadi kameneko kadzabwerenso, kaya mawa, kaya patapita masiku anayi, kaya mwezi. Imasunga timakhadi zikwizikwi popanda thumba kulemera, imalola zithunzi ndi mau omveka, ndipo mvula siinyowetsa timakhadi take. Ya pa mafoni a Android, imene imatchedwa AnkiDroid, ndi yaulere, ndipo mukangoiika pa foni imagwira ntchito popanda intaneti. Quizlet imadalira kwambiri intaneti ndipo zina mwa ntchito zake n'zolipira, choncho imadya bandulo. Inu amene Mulungu akalola mupita ku koleji, makamaka ku maphunziro a udokotala ndi unamwino kumene maina oloweza ndi osawerengeka, Anki mudzaifuna.

Koma funso limene lili pamaso pa bungwe lathu si lakuti kodi Anki ndi yabwino. Funso n'lakuti ndalama zochepa zimene tili nazo zifike kwa ana angati, ndipo ziwafike masiku angati pa sabata. Mphamvu yonse ya njira imeneyi ili pa kukumana ndi timakhadi tako tsiku ndi tsiku. Tabuleti imene imagona mu ofesi ya aphunzitsi akulu, n'kumafika m'manja mwa mwana kamodzi pa sabata chifukwa akuidikira ndi ambiri, singachite zimenezi, ngakhale ikhale yokongola chotani. Komanso makina amenewa amawerengetsa masiku potsata kukhoza ndi kulakwa kwa munthu mmodzi, kotero kuti ana khumi akamayankha pa timakhadi timodzimodzi, mawerengero onse amasokonekera. Sukulu zambiri zogonera konko sizilola ophunzira kukhala ndi mafoni, ndipo pali zifukwa zomveka. Kunyumba, foni imene ilipo ndi ya bambo kapena ya mayi, imapita nawo kumsika, ndipo kuitchaja kumafuna magetsi kapena ndalama. Ngakhale mwana atakhala ndi yakeyake, m'foni momwemo ndi momwe muli WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Ine munthu wamkulu wa ana ndi udindo, uthenga ukalowa ndili pakati pa timakhadi dzanja limayabwa, nanga mnyamata wa zaka 17? Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chinanso n'chakuti pa intaneti pali timakhadi tambirimbiri tolembedwa kale ndi anthu ena, timene mwana angangotitsitsa popanda kulemba kalikonse. Tambiri mwa timeneti tidalembedwa potsata silabasi za maiko ena, osati ya MSCE, ndipo ngakhale titakhala toyenera, mwana walumpha ntchito ija yophwanya ndime, imene ndanena kuti ndi pamene kuphunzira kumayambira. Tikumbukirenso chaka cha 2020, pamene sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Marichi chifukwa cha matenda a COVID-19. Kudalankhulidwa zambiri za kuphunzira pa intaneti, koma kwa mwana wa kwa Kadewere, kwa Nkalo kapena ku Namitambo, chimene chidapita naye kunyumba ndi chimene chidali m'chikwama chake. Kakhadi ka pepala kamalowa m'thumba la siketi, kamapita ku chigayo, ku mjigo ndi kokadyetsa mbuzi, ndipo ndikuganizira makamaka atsikana oyendera, amene akafika kunyumba ntchito imawadikira pakhomo ndipo nthawi yawo yowerenga imabwera m'zidutswazidutswa za mphindi zisanu.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, ndipo ndikuona ena kumbuyoko ayamba kale kumwetulira. Inde, kakhadi ka mafunso kamafanana ndi likasa. Kukula kwake n'kumodzi, pepala lake n'limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti likasa limalembedwa kuti mutu upume, pamene kakhadi kamalembedwa kuti mutu ugwire ntchito, ndipo pofika tsiku la mayeso kamayenera kukhala katatha ntchito yake. Pa tsiku limenelo timakhadi tonse titsale ku hostelo kapena kunyumba. Musanalowe m'chipinda pisani m'matumba onse, a malaya, a thalauza, a siketi ndi a juzi, chifukwa woyang'anira mayeso akakupezani ndi kapepala kolembedwa sadzafunsa ngati mudakaiwala kapena mudachita dala, ndipo zaka zinayi zikhoza kuthera pa kapepala kamodzi. Mukudziwa zimene zidachitika mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala ena adabedwa n'kufalitsidwa, ndipo ophunzira a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Akulu anu ena amene adavutika nthawi imeneyo ali m'chipinda muno, mukhoza kuwafunsa mmene zidawawira.

Tsono kwa inu anzanga ophunzira akale, pempho langa ndi ili. Tiyambe ndi mapepala. Phukusi limodzi la mapepala oyera, lija timati rimu, limakhala ndi mapepala 500, ndipo pepala limodzi likadulidwa pasanu ndi patatu, phukusilo limatulutsa timakhadi 4,000. Mwana amene akulemba timakhadi 10 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 20, amafika pa timakhadi 1,000, ndiye kuti phukusi limodzi likwanira ana anayi mpaka mayeso. A msungichuma angathe kuwerengetsa okha kuti mtengo wa tabuleti imodzi ungagule maphukusi angati. Pepala loyera wamba ndi lopyapyala ndipo inki imaonekera kuseri, choncho ana alembe yankho ndi pensulo, kapena apinde kapepalako pakati, funso kunja, yankho m'kati. Amene tingathe tigule mapepala olimba a manila a maphunziro ofuna zojambula. Makalendala akale, makatoni opyapyala ndi maenvulopu ogwiritsidwa kale ntchito ali m'nyumba zathu, tiwasonkhanitse. Koma anzanga a m'boma ndikupempheni, mapepala a m'mafayilo a ku ofesi asabwere kuno ngakhale kuseri kwake kukhale koyera, amenewo ndi achinsinsi ndipo tonse tidalumbira.

Kwa aphunzitsi akulu ndi aphunzitsi, ndipemphe zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama. Choyamba, mphindi 15 zoyambirira za prep zikhale za timakhadi, ana awiriawiri, wina kufunsa wina kuyankha, kenaka n'kusinthana. Mnzako sakukhululukira yankho la theka monga umadzikhululukira wekha. Chachiwiri, mphunzitsi aliyense aziyang'anako timakhadi ta phunziro lake, kaya kamodzi pa masabata awiri, chifukwa njira imeneyi imakhomerera m'mutu chilichonse chimene chalembedwa, cholondola ndi cholakwika chomwe. Mwana akalemba kuti Chilembwe adaukira mu 1951 m'malo mwa 1915 n'kubwereza miyezi isanu, kudzavuta kumuchotsa pamenepo. Za matabuleti sindikuti zife. Thumba lathu likadzakula tidzakambirane zogula ochepa oti azikhala ku laibulale, osungiramo mabuku ndi mapepala a mayeso a m'mbuyomu, pakuti ntchito imeneyo sifuna kuti mwana akhale ndi chipangizocho tsiku lililonse.

Ndabwera ndi maenvulopu atatu ndi timakhadi 30 ta mbiri ya Chilembwe timene ndidalemba dzulo usiku, ndipo ndazisiya pa tebulo la a mlembi kuti muone kukula kwake ndi kalembedwe kake, osati kuti mukopere. Pali lumo ziwiri ndi phukusi limodzi la mapepala loyambira, limene ndapereka kwa aphunzitsi a fomu 4 kuti agawe Lolemba. Amene mukufuna kuona mmene Anki imagwirira ntchito, aphunzitsi kapena ophunzira, mundipeze pakhonde la laibulale tikatha kudya, foni ndaitchaja mokwanira.

Bambo wapampando, ndikuona mwayang'ana wotchi kachiwiri.